Galimoto Yosamwa Madzi pa Msewu wa ku Tete

Mwana wobadwira ku Harare kapena ku Bulawayo akamva mawu akuti kombi amaganiza za minibasi iliyonse yonyamula anthu m'tauni, ngakhale ikhale ya Toyota. Komatu dzinali lili ndi mwini wake. Lidachokera ku Germany, kumene kampani ya Volkswagen idayamba kupanga galimoto yonga bokosi m'chaka cha 1950, potsata chithunzi chimene wamalonda wina wa ku Holland, Ben Pon, adajambula m'kabuku kake mu 1947. Adaitcha Kombi chifukwa idali yophatikiza ntchito ziwiri: ukaikamo mipando inyamula anthu, ukachotsa mipando inyamula katundu. Sipadapite nthawi, amisiri a kampani ina yotchedwa Westfalia adayamba kukhomeramo bedi, kabati, tebulo lopinda ndi malo ophikira, ndipo galimoto ija idasanduka nyumba yoyenda, monga kamba amene amagona pamene dzuwa lamulowera. Ku South Africa ankazilumikiza ku Uitenhage, mzinda umene tsopano ukutchedwa Kariega, ndipo ku Brazil adapitiriza kupanga mtundu wakalewo mpaka Disembala 2013.

Adzukulu amene adazolowera kuona dalaivala akutsegula boneti n'kuthira madzi mu rediyeta angavutike kukhulupirira kuti Kombi yakale ilibe rediyeta, ndipo simwa madzi ngakhale dontho. Injini yake ili kumbuyo, pansi pa bedi, m'kachipinda kokhala ndi chitseko chaching'ono ngati cha khola la nkhuku. Imazizira ndi mphepo basi. Ulendo wautali pa galimoto yotere wagona pamenepa. Mphepo ikamafika pamene iyenera kufika, injini imatha kudutsa maiko angapo osadandaula. Ikachepa pang'ono, chitsulo chimayamba kupsa mwakachetechete, woyendetsa akuimba nyimbo kutsogolo, pakuti palibe nthunzi yofuka ndiponso palibe muvi wosonyeza kutentha woti umuchenjeze.

Mwini wa Kombi ya m'nkhani ino adali mkulu wina wa ku Ntcheu, amene muno azingotchedwa agogo, pakuti ndi mmene mnzawo wa paulendo ankawaitanira. Adapita ku Joni ndi Wenela mu 1972 ali mnyamata, nakumba golide kwa zaka zingapo, kenaka adatuluka mumgodi n'kulowa ntchito yotsuka zitsulo pa galaja ina ya kum'mawa kwa Johannesburg. Kutsuka zitsulo kudabala kugwira sipana, kugwira sipana kudabala umakaniko. Kombiyo, yopangidwa mu 1969, adaigula mu 1995 kwa banja lina limene lidatopa nayo, ndipo kwa zaka zoposa 20 idali ngati mwana wa m'nyumba: Loweruka lililonse inkasambitsidwa, kupimidwa ndi kumvetseredwa.

Mu 2017 uthenga udafika kuchokera kumudzi woti chiliza cha mlongo wawo chatha kumangidwa, ndipo mwambo udzachitika Loweruka lina la mu Okutobala. Mwa abale onse a bere limodzi adatsala okha. Ana a malemuwo sakadatha kuyamba kanthu popanda malume awo, mwini mbumba, woti aime pamaso pa amfumu ndi kulankhula m'malo mwa banja. Tsono kuchedwa sikudali nkhani yongopepesa pa lamya. Kukadaononga thobwa lophika kale, nkhuni zotola kale ndi ulendo wa anthu ochokera kutali. Mabasi a ku Malawi adalipo, ndipo akadawafikitsa msanga, koma agogo adali atatsimikiza kuti ulendo uwu ndi wobwerera kwawo osadzachokanso. Zipangizo zawo za ntchito, makina osokera a malemu akazi awo ndi Kombiyo sakadazisiya kwa eni dziko.

Mnzawo wa paulendo adali mdzukulu wawo wazaka 24, wobadwira konko, wodziwa Chizulu ndi Chingerezi, koma Chichewa chake chidali chothyokathyoka. Iye adafunsa foni yake, ndipo foni idati ulendowo, wa makilomita oposa 1,700, ndi wa usana umodzi ndi usiku wake.

"Agogo, tikanyamuka Lachitatu tikafika bwinobwino," adatero.

"Foni yakoyo idakwerapo Kombi?" adafunsa agogo. "Tinyamuka Lamulungu mbandakucha."

Zimene adalongedza pansi pa mpando zidali zosiyana kwambiri ndi zimene mnyamatayo akadalongedza: malamba awiri a fani, mapulagi anayi, koyilo, kondensa, mamita awiri a paipi ya petulo ndi zomangira zake, waya wa kalachi, waya wa akiseleleta, magasiketi a zivindikiro za mavavu, chigubu cha oyilo ndi chozimitsira moto. Padalinso zikwangwani ziwiri zofiira za makona atatu ndi malaya owala usiku, zimene apolisi a m'njiramo amafuna kuona. Pamwamba pa zonse padagona buku lakuda ndi zala za girizi, la John Muir, injiniya wa ku America amene mu 1969 adalembera anthu osadziwa sipana mmene angasungire Volkswagen yamoyo. Agogo sankaliwerenganso, adaliloweza kalekale. Adalitengera mdzukulu. Ndipo masiku awiri asananyamuke adasintha oyilo, naika mapoyinti atsopano mu disitibyuta, kuti pasakhale chakale choti chiwachititse manyazi panjira.

Pa tsiku loyamba, podutsa Pretoria ndi Polokwane pa msewu wa N1, malole akuwapitirira ngati aima, agogo adayamba kuphunzitsa. Injini ya Kombi imeneyi ndi ya masilinda anayi ogona cham'mbali, awiri kumanja, awiri kumanzere, ndipo mphamvu zake sizifika pa akavalo 50, chonsecho ikusenza nyumba yathunthu. Fani yoiziziritsa ili kuseri kwa jenereta, pa chitsulo chimodzi, ndipo zonse ziwiri zimazungulira ndi lamba mmodzi. Choncho kanyali ka jenereta kakayaka paulendo, si nkhani ya batire yoti ukaionere kutsogolo. Kangatanthauze kuti lamba waduka, fani yaima, ndipo m'mphindi zochepa injini ikhala itapsa. Uyenera kuima pomwepo. Malata onse ozungulira injini, amene munthu wosadziwa amawayesa zokongoletsa, ndi ngalande za mphepo, ndipo mphira wotseka m'mbali mwake ndiye amaletsa mpweya wotentha wa pansi kubwerera kukamwa kwa fani. Oyilo ndi malita awiri ndi theka okha, alibe fyuluta yeniyeni koma kasefa ka waya, ndipo amasinthidwa pa makilomita 5,000 aliwonse.

Lamulo lovuta kwa mnyamata lidali la magiya. Pa galimoto zamakono munthu amakwera chitunda ali pa giya yapamwamba, phazi litaponda mpaka pansi, injini ikung'ung'udza. Pa Kombi kutero ndi kuipha, chifukwa injini ikamazungulira pang'onopang'ono fani nayonso imazungulira pang'onopang'ono, pa nthawi yomwe moto wachuluka m'masilinda. Pa chitunda uyenera kutsika giya msanga, injini ikuwe, fani ipemerere. Adaliyesa lamuloli pokwera mapiri a Soutpansberg kupitirira Louis Trichardt, ndipo potsetsereka adaphunzira linzake: mabuleki a Kombi ya chaka chimenecho ndi a dilamu mawilo onse anayi, akatentha amaleka kugwira, tsono giya imene wakwera nayo ndi yomwe utsike nayo. Adagona ku Musina, agogo pabedi, mdzukulu pansi pakati pa kabati ndi makina osokera.

M'mawa mwake, dzuwa lisanatuluke, mnyamata adadzutsidwa kuti akaone mwambo umene udadzakhala wa tsiku ndi tsiku. Agogo adayala katoni, nagona chagada pafupi ndi gudumu lakumbuyo, nakankha waya wogwira chivindikiro cha mavavu. Silinda iliyonse ili ndi mavavu awiri, ina yolowetsa msakanizo wa petulo ndi mpweya, ina yotulutsa utsi. Pakati pa mutu wa vavu ndi chitsulo choikankha pamayenera kukhala kampata ka mamilimita 0.15, kochepa ngati mapepala awiri, ndipo kamayezedwa ndi timalata topyapyala timene amakaniko amati fila geji. Kuyezako kumachitika injini ili yozizira ndithu, itagona usiku wonse, pakuti chitsulo chotentha chimanama. Kampata kameneka ndiko kamachititsa Kombi kulira kuti tchetchetche ngati makina osokera. Akale adati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, koma mwambiwu sugwira pa injini iyi. Vavu yochita kaphokoso ili bwino. Yoopsa ndi imene yakhala chete, chifukwa kampata kake katsekeka, ndipo vavu yopanda mpata sikhala pansi mokwanira pa mpando wake. Pa mpando pomwepo ndi pamene imatayira kutentha kwake. Ikalephera kutero imapsa, khosi lake limatalika ndi kuwonda, mpaka tsiku lina mutu umaduka n'kugwera pa pisitoni, ndipo ulendo umathera pomwepo.

Mwa mavavu asanu ndi atatuwo agogo ankayamba ndi yotulutsa utsi ya silinda yachitatu, ya kumanzere chakutsogolo. Pa injini zopangidwa chisanafike chaka cha 1971, choziziritsira oyilo chili m'kati mwa ngalande ya mphepo, kutsogolo kwa silinda imeneyi, kotero kuti iyo imalandira mphepo yofunda kale, ngati mwana womaliza kusamba m'beseni. Ku Musina kampata kake kadali bwinobwino.

Pa Beitbridge adataya theka la tsiku pa mizere ya ziphaso ndi mapepala a galimoto, nawoloka Limpopo dzuwa lili paliwombo. Msewu wa ku Masvingo panthawiyo udali wopapatiza ndi wodyeka m'mbali, ndipo lole iliyonse yokumana nayo inkakankha Kombi ndi mphepo yake ngati dengu. Ku Masvingo, m'mawa wa Lachiwiri, fila geji idalowa movutikira pang'ono pa vavu ija. Agogo adaibwezera pa muyezo wake osanena kanthu.

Tsiku lomwelo, atangodutsa Chivhu, adauza mdzukulu kuti apatuke. Mnyamata sadamve chilichonse chachilendo, koma agogo adamva fungo. Atatsegula kachitseko ka injini adapeza paipi ya petulo itang'aluka pafupi ndi pampu, madontho akugwera pa lata lotentha, chala chimodzi kuchokera pa mawaya a moto. Kombi zambiri zakale sizidafe ndi ukalamba koma ndi moto woyambira pamenepa. Petulo wa ku Zimbabwe amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, monganso wa ku Malawi kuyambira mu 1982 pamene ethanol adayamba kupangidwa ku Dwangwa, ndipo ethanol amadya mphira wa mtundu wakale. Adadula paipi yatsopano, naimanga mbali zonse ziwiri, ntchito ya mphindi khumi. Madzulo adafika ku Harare, kwa msuweni wawo wa ku Highfield, mmodzi wa anthu ambiri amene makolo awo adachokera ku Nyasaland kukagwira ntchito, ndipo ana a pamenepo adaseka mpaka kugwira nthiti atauzidwa kuti iyi ndiyo kombi yeniyeni, zinazo ndi zongobwereka dzina.

Kuchokera ku Harare msewu umadzera ku Murehwa ndi ku Mutoko, pakati pa miyala ikuluikulu yosanjikizana, kenaka umayamba kutsika, ndipo kutsikako kumasintha zinthu m'kati mwa injini. Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, Harare pafupifupi 1,500, pamene Tete safika ndi 200 omwe. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo kabuleta yochunidwa kumeneko imapereka petulo wochepa wolingana nawo. Ukatsikira kuchigwa mpweya umachuluka, petulo ali yemweyo, ndipo msakanizo wochepa petulo umayaka motentha kwambiri. Agogo adali ndi kajeti ka bowo lalikulupo m'kabotolo ka mankhwala, ndipo adakaika mu kabuleta asanafike pa chipata cha Nyamapanda. Za dzuwa lokha ndiye adalibe kabotolo. Okutobala ndi mwezi umene chigwa cha Zambezi chimawotcha koposa, kutentha n'kumapitirira madigiri 40, milambe ili mbuu yopanda tsamba, mbuzi zitabisala pansi pa malole oima. Injini yozizira ndi mphepo ikamapuma mphepo yotere ili ngati munthu wothetsa ludzu ndi tiyi wowira.

Adakhala pansi pa mtengo ku Changara kuyambira masana mpaka dzuwa litapendeka, mdzukulu akuyang'ana wotchi, agogo akusinza. Njira yawo yopimira kutentha idali yachikale: kusolola kachitsulo koyezera oyilo n'kukagwira ndi zala. Ukatha kukagwira, pitirira. Kakakuwotcha mpaka kukataya, khala pansi. Pa msewu womwewu, m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique imene idatha mu 1992, magalimoto opita ku Malawi ankayenda mumdipiti, asilikali a Zimbabwe akuwaperekeza, ndipo yofa panjira sinkadikiridwa. Agogo adafotokoza zimenezi mwachidule, nalowa mu Tete nyali zitayaka.

M'mawa wa Lachinayi padapezeka zinthu ziwiri. Vavu ya silinda yachitatu idali itadyanso theka la mpata wake, ndipo tayala lakumbuyo lidali litaphwa ndi msomali. Cholinga chidali chowoloka Zambezi kusanache kuti akwere zitunda za ku Zobue kukali kozizira, koma womata matayala adatsegula mochedwa, ndipo kuyenda wopanda tayala lapadera pa msewu umenewo agogo adakana. Adawoloka pa mlatho wa Samora Machel, wolenjekeka pa zingwe zachitsulo, nthawi itakwana 10 koloko. Malole akuluakulu adali atapatsidwa mlatho wawo wa Kassuende mu 2014, koma kupitirira Moatize, dera la migodi ya malasha, onse adakumananso pa msewu umodzi, ndipo Kombi idakwera zitunda zoyamba ili kumbuyo kwa lole, ikumeza utsi wake.

Mphamvu zidayamba kuchepa pang'onopang'ono. Chitunda chimene chikadakwereka pa giya yachitatu chidafuna yachiwiri. Kenaka injini idatsokomola kawiri, idagwedezeka, n'kuzima. Mdzukulu adaiseretsa m'mbali mwa msewu, manja akunjenjemera.

"Agogo, vavu ija yaduka."

"Udamva chitsulo chikugunda?"

"Ayi."

"Ndiye usaike maliro munthu asanafe. Ika mwala kugudumu."

Pamenepa ndi pamene makaniko amasiyana ndi munthu wongokhala ndi masipana. Wamantha amamasula chilichonse chimene dzanja lafikira, ndipo pofika madzulo amakhala ndi matenda atatu m'malo mwa amodzi. Agogo adayamba ndi kusachita kanthu. Adatsegula kachitseko kuti mphepo ilowe, nayang'ana lamba, nampeza ali wamoyo. Adazungulitsa injini ndi dzanja pa pule, ndipo idazungulira bwino, ikulimba kanayi monga iyenera, kusonyeza kuti m'kati simudasweke kanthu. Injini yathunthu ikakana kulira, yasowa chimodzi mwa ziwiri, petulo kapena moto. Adavula chosefera mpweya, nasuzumira kukhosi kwa kabuleta mdzukulu akuponda akiseleleta, ndipo kamtsinje ka petulo kamene kamayenera kuthovoka sikadaoneke. Pampu ya petulo idali yotentha yosagwirika. Petulo adali atawira m'kati mwake n'kusanduka nthunzi, ndipo pampu yopangidwira madzimadzi singakoke nthunzi.

Mayi wina amene ankachokera kumjigo adaima kuti aone. Agogo adamupatsa moni m'Chichewa, ndipo iye adayankha m'Chichewa chomwecho, pakuti anthu a m'mapiri amenewo ndi a ku Mwanza ndi amodzi, malire adangowadutsa pakati. Mdzukulu, amene kuyambira ku Beitbridge ankangomva zilankhulo za eni, adatsegula pakamwa.

"Mayi, tipempheko madzi pang'ono. Si akumwa, ndi a galimotoyi."

"Tengani, agogo. Koma mukathira pati, poti injini ili kumatako?"

Adanyowetsa chiguduli n'kukulunga pampu. Patapita theka la ola Kombi idalira, ndipo mnyamata adaomba m'manja. Idayenda makilomita atatu, yofooka ngati poyamba, n'kuzimanso pa chitunda chotsatira.

Agogo sadakondwe ndi kulira koyamba kuja, ndipo sadadabwe ndi kuzima kwachiwiri. Petulo wowira adali chizindikiro chabe. Funso lidali lakuti n'chiyani chikutenthetsa injini mopitirira muyezo chonsecho lamba ali bwino, malata ali m'malo, jeti ndi yoyenera. Adasolola waya wapakati wa disitibyuta, naugwira pafupi ndi chitsulo, mdzukulu akupotokola kiyi. Moto umene umayenera kudumpha wobiriwira ndi wolira kuti thethethe udatuluka wofiirira ndi waulesi. Adavula chipewa cha disitibyuta, nazungulitsa injini mpaka mapoyinti atatseguka kotheratu, ndipo kutsegukako kudali kosaoneka ndi maso. Mpata wake umayenera kukhala mamilimita 0.4. Mapoyinti ali ndi kachidendene kamene kamakhuzika pa chitsulo chozungulira, ndipo kachidendene katsopano kamadyeka msanga m'makilomita oyamba kasanakhazikike. Kakadyeka, mpata umachepa. Mpata ukachepa, moto umafika mochedwa m'silinda. Moto wochedwa umatuluka ukuyakabe kudzera pa vavu ya utsi. Kufooka pa zitunda, pampu yowira ndi vavu yotalika m'mawa uliwonse zonse zidali ana a mayi mmodzi. Kwa masiku anayi maso adali pa zitsulo za 1969, pamene wolakwa adali mlendo wa sabata imodzi.

Adatsegula mpatawo, napaka kadontho ka girizi pa kachidendene, nachunanso nthawi ya moto ndi kababu koyesera, akutembenuza disitibyuta pang'onopang'ono mpaka kababu kayake pamene chizindikiro cha pa pule chafika pamzere. Injini idalira ndi mawu ena, ozama, ngati munthu amene wachira chimfine. Nthawi idali itapitirira 4 koloko, ndipo mdzukulu adafuna kuthamangira chipata chisanatsekedwe. Agogo adati ayi. Vavu ija idali itazunzika tsiku lonse, ndipo sakadaikweza phiri lina asanaiyeze, koma kuiyeza kudafuna usiku wathunthu wozizira.

Mlendo sagona pamphepete pa mudzi wa eni ngati fisi. Agogo adasamba m'manja, navala jekete, natenga mdzukulu kukaonekera kwa nyakwawa, kunena kumene achokera, kumene akupita ndi chimene chawagoneka. Adalozeredwa pabwalo la mayi uja, ndipo usikuwo kudabwera nsima ndi nkhwani wotendera. Iwo adatulutsa shuga ndi masamba a tiyi, nawiritsa madzi pa chitofu cha m'galimoto, ana akusinthana kusuzumira pawindo kuti aone nyumba yokhala ndi chiwongolero. Mnyamata adaphunzira usiku umenewo kulandira mbale ndi manja awiri, ndiponso kuti "zikomo" amanenedwa polowa, podutsa ndi potuluka.

Lachisanu mbandakucha fila geji idakana kulowa. Mpata udali utatheratu. Agogo adakhala pa katoni nthawi yaitali. Vavu imene yatseka mpata wake katatu m'sabata imodzi yatalika kale, ndipo kuchiza chimene chidaitenthetsa sikuifupikitsa. Kutsogolo kudatsala makilomita pafupifupi 200, mwambo uli mawa lake m'mawa. Akadatha kusiya Kombi pamudzipo n'kukwera lole, koma m'menemo mudali chuma chonse cha zaka 45 za ku Joni. Adaipatsa vavuyo mpata wokulirapo pang'ono, wa mamilimita 0.2, naitana mdzukulu.

"Tamvera, mwanawe. Sitipitirira 60. Ola lililonse tiima. Ukamva kugunda kumbuyoku, zimitsa usanaganize. Ikafa, ine ndikwera minibasi, iwe utsala ndi katundu mpaka ndidzabwere."

"Ndamva, agogo."

"Uyendetsa ndiwe. Makutu anga ndikufuna akhale kumbuyo."

Adakakhala pabedi, pamwamba penipeni pa injini, dzanja lili pa thabwa. Adakwera mpaka pa Zobue pa giya yachiwiri, nadinditsa ziphaso, nalowa Mwanza dzuwa lisanakwere. Kuchokera pamenepo msewu umatsikanso kuchigwa cha Shire, ndipo pa Zalewa adakhotera kumpoto pa M1, kutentha kutabweranso. Adaima pa Phalula, adaimanso pa Chingeni, akugwira kachitsulo ka oyilo ndi zala, njinga zamoto zikuwapitirira. Mnyamata tsopano ankatsika giya asanauzidwe, ndipo kawiri adatembenuza mutu kufunsa ngati agogo amvanso kaphokoso kamene iye wamva. Kamodzi kadali kasupuni m'kabati. Adalowa m'mudzi dzuwa likulowa, amayi akupeta ufa wa mawa, ndipo nthungululu idayamba galimoto isanazime.

Loweruka agogo adaima pamanda, nalankhula m'malo mwa mbumba yawo. Kombi idagoneka azakhali awiri okalamba amene sakadatha kugona pamphasa.

Lachiwiri lotsatira adaikankhira pansi pa mtengo wa mango. Injini ya Kombi imagwiridwa ku giyabokosi ndi mabawuti anayi, kuphatikizapo chitsulo choichirikiza kumbuyo, ndipo anthu awiri okhala ndi jeke amaitsitsa tiyi wa m'mawa asanazizire kwenikweni. Atachotsa mutu wa kumanzere, agogo adasolola mavavu anayi n'kuwaimika pa thabwa losalala. Ya utsi ya silinda yachitatu idaposa inzake ya silinda yachinayi msinkhu, ndipo pansi pa mutu wake khosi lidali lowonda ndi loyera ngati phulusa. Mdzukulu adaitembenuza m'manja, nafunsa kuti ikadayenda makilomita angati ena. Agogo adati mwina mpaka ku Dedza, mwina mpaka kuchigayo.

Adang'amba tsamba m'kope, nalemba zoti mnyamata akagule ku Johannesburg ndi kutumiza pa basi: mavavu a utsi anayi, osati imodzi, magasiketi a injini yonse, mapoyinti ena ndi kachubu ka girizi. Vavu yotalikayo adaikulunga m'nyuzipepala kuti akaonetse kusitolo, angamupatse ya injini ina. Mdzukulu adapinda pepalalo, nalowetsa m'thumba la foni, kenaka adafunsa ngati pa Khirisimasi injini idzakhale isanabwezedwe, chifukwa ankafuna kudzaona mmene pisitoni imalowera.